Mwambo Umene Adaukumbukira a Nsadzu Okha

Padangokhala, inu muli apo muzivomera kuti tili tonse, padali mfumu ina dzina lake Chiuli. Idali mfumu yabwino, milandu imaweruza mosakondera, alendo imawalandira, koma ikangomva fungo la uchi nzeru zonse zimathawira kumchira. Tsono poti Chiuli ndi wamfupi miyendo ndipo njuchi zimabisala m'mphako za mitengo, pabwalo pake padali udindo wa namulondola, mbalame yofufuza njuchi n'kulondolera mfumu ndi anthu ake. Udindowu udali m'manja mwa a Nsadzu kuyambira mfumuyo isanamere mano.

Namulondola adali ndi nthambi yakeyake pamtengo wa pabwalo, pamwamba penipeni pa mpando wa mfumu. Adalinso ndi gawo lake: akafula njuchi, chisa choyamba chimapachikidwa pamtengo kuti n'cha namulondola, wina aliyense asananyambite chala. Koma chimene a Nsadzu amachikonda kuposa chisacho ndi m'mawa, nyama zikamaima pansi pa nthambi yawo n'kumafunsa kuti, "Lero tilowera kuti, wawa?"

Adali ndi nyimbo yawo yolondolera. Imayamba mothamanga, kudzutsa mfumu kuti zokoma sizili kutali, otsatira n'kumavomera ndi mawu a pakhosi. Pakati imaseka aulesi otsalira m'mbuyo. Koma kumathero, uchi utayamba kutuluka, imatembenuka n'kumayenda pang'onopang'ono, kukumbutsa kuti mimba ili ndi mawa ndipo eni nyumba awasiyire pogona. Mfumu idaizolowera nyimboyi. Ikangomva chigawo chomalizacho imapukuta pakamwa yosadziwa n'komwe chimene yalekera, m'mphako mutatsala zisa zingapo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ukalamba udayambira m'mapiko: ulendo umene a Nsadzu amauuluka kamodzi adayamba kuupumira kawiri, iwo n'kumati akuyang'ana nyengo. Kenaka udalowa m'maso. Tsiku lina adaona tinthu tikuuluka pamtengo, adaimba nyimbo yawo ndi mtima wonse, mfumu idapisa mphuno, n'kupeza kuti ndi mavu. Khungu la Chiuli mbola silowa, koma mphuno ndi mphuno. Idatupa masiku anayi, milandu n'kumaweruzidwa ndi mawu a chimfine.

A Nungu, nduna yaikulu, sadadikire kuti mphunoyo iphwe.

"Tsobola wakale sawawa, mfumu," adatero. "Pali mnyamata uja Kaliwiro, mwana wa mlongo wawo. Udindowu udzakhala wake ndithu. Nanga tidikire mpaka atilondolere ku njoka?"

Kaliwiro adaleredwa ndi a Nsadzu omwewo, ndipo sadali wamwano ayi. Mlandu wake udali woti akauluka umangomva mphepo. A Nsadzu amamunyadira muphwa wawoyo, komanso amamuopa. Njala samaiopa, poti pamudzi pa Chiuli nkhalamba sinagonepo ndi njala. Amaopa tsiku loti nyama zidzadutsa pansi pa mtengo, kuwapatsa moni waulemu ndithu, koma osaima chifukwa palibe chowafunsa.

Mfumu idawaitana onse awiri.

"Masiku atatu," idatero. "M'mawa uliwonse mukafune njuchi. Woyamba kundiimbira n'kundifikitsa pa uchi, tsikulo ndi lake. Wopambana masiku awiri, nthambi ndi yake."

"Mwalankhula, mfumu," adavomera onse akuwomba mapiko.

Tsiku loyamba Kaliwiro adanyamuka mame asanaume. A Nsadzu sadasunthe, adangokhala panthambi kumapesa nthenga.

"Simukupita, wawa?" adafunsa a Nungu.

"Ndatuma mapiko. Abwera posachedwa."

Pamudzipo wamng'ono samalankhula kwa mfumu asanapereke moni kwa mkulu wake. Choncho Kaliwiro atabwera ali wefuwefu, adatera kanthambi kam'munsi n'kuwerama.

"Mwaswera bwanji, malume?"

"Ndaswera, kaya iwe. Khala, mtima utsike. Azakhali ako a Njiwa ali bwanji?"

"Sindinadzere kumeneko, malume. Ndinalowera njira ya kwa a Fisi."

"Oho, kwa a Fisi. Mwendo wawo uja wapola?"

"Sindinafike pakhomo, ndinakhotera pachulu."

"Mtsinje uli bwanji, wadzaza?"

"Sindinawoloke."

"Wachita bwino. Tsono pita ukamwe madzi. Kwa mfumu safika ali wefuwefu, ndi mwano."

A Nsadzu amadziwa mphako zonse za dzikolo monga munthu adziwira mano ake. Njira ya kwa Fisi, kukhotera pachulu, osawoloka: mphako kumeneko ndi imodzi yokha, ya mumtengo wa muwanga. Kaliwiro mlomo uli m'madzi adangomva nyimbo ikuyamba kumbuyo kwake, mfumu ikuvomera ndi mawu a pakhosi. Uchi udafulidwa, chigawo chomaliza chidaimbidwa, mfumu idapukuta pakamwa.

"Malume, uchi uja ndinaupeza ndine," adatero Kaliwiro pobwerera.

"Ndipo unaupeza bwino. Ine ndinangopeza iwe."

Adamugawira theka la chisa, onse n'kuseka. Likadakhala tsiku lokoma mpaka kumapeto, koma a Nsadzu adamva nkhanga ziwiri zikunong'ona kuseri kwa mtengo kuti nzeru mdalayu akadali nazo, koma mapiko adapita kale. Mawu amenewo adawalowa kuposa mbola, ndipo chisa chija chidatha kukoma.

Munthu akafuna kuonetsa kuti sadakalambe, m'pamene amachita zachibwana. Tsiku lachiwiri a Nsadzu adapeza khala, adapaka imvi zonse za m'khosi, n'kuima pambali pa muphwa wawo chifuwa chili patsogolo. Adanyamukira limodzi. Mtengo woyamba adaudutsa ali phewa ndi phewa. Wachiwiri adaudutsa akuona mchira wa Kaliwiro. Asanafike wachitatu chifuwa chidayaka moto, mapiko adakana, ndipo adagwera m'udzu wonyowa miyendo ili m'mwamba.

Kaliwiro adacheuka, adabwerera, nawakokera pachitsa.

"Mwavulala, malume?"

"Ndikufufuza njuchi za m'nthaka. Iwe zimenezi sunaphunzire."

"Makala akuchucha, malume."

Kaliwiro adathyola tsamba, adawapukuta m'khosi bwinobwino mpaka imvi zonse zidabwerera m'malo mwake.

"Ine sindinaone kanthu," adatero, nauluka.

Kugwa kudawawa, koma chifundo cha mwanayo chidawawa koposa. Adabwerera kubwalo kamtengo ndi kamtengo, ali ndi manyazi osaneneka.

Kaliwiro atabwera, moni wake udali waufupi ngati mchira wa mbuzi.

"Ndili bwino, malume, onse ali bwino, sindinakumane ndi aliyense, madzi ndamwa kale."

Adaimba, ndipo mawu ake adali okoma, zimenezo tisabise. Gulu lidayenda mothamanga. Koma chigawo chomaliza chija adachidula, poti iye amayesa kuti nyimbo imazizira kumathero chifukwa malume ake amakhala atatopa. Mfumu idakumba, idakumbabe, mpaka mphako idayera. Uchi udadzaza zipanda zonse, wina n'kumautengera m'masamba.

"Kani zaka zonsezi timasiya uchi m'mitengo," adatero a Nungu mokweza kuti wina amve.

A Nsadzu adafika mochedwa. Adaona njuchi zitaunjikana panthambi youma, zopanda nyumba, zopanda chakudya. Sadanene kanthu, chifukwa mawu a wolephera amamveka ngati nsanje.

Tsiku lachitatu adakhala panthambi yawo ndi imvi zawo. Kaliwiro adachedwa. Dzuwa lidafika paliwombo, mfumu idayamba kuyasamula, ndiye adatulukira akunjenjemera ndi chimwemwe. Moni adapereka waufupi uja, pakamwa adatseka ndithu. Koma adaiwala mapazi. Zala zake zidali mbuu ndi ufa wa malambe, ndipo pamlomo padamatirira phula lakuda, la zisa zakalekale.

A Nsadzu adazindikira nthawi yomweyo kumene wachokera. Mlambe wokhala ndi njuchi udali umodzi m'dziko lonselo, kutali kumalire. Adaupeza okha akadali mnyamata, ndipo zaka zonsezi sadauzepo munthu. Mmenemo ndimo mudali manthu wa njuchi zonse. Chaka ndi chaka magulu a njuchi amatuluka m'mlambemo kukadzaza mphako zimene zafulidwa. Ndipo amaidziwa mfumu yawo: itaona uchi wa mmenemo, ngakhale nyimbo khumi sizikadaichotsapo.

Kaliwiro adaona kumene maso a malume ake akuyang'ana. Adayang'ana mapazi ake, mapiko n'kugwa.

"Mwadziwa," adanong'ona.

"Ndadziwa."

"Imbani, malume. Tsiku ndi lanu."

Bwalo lonse lidali tcheru. Nthambi idali pomwepo m'zala zawo, yosalala ndi zaka zonse zimene adaikhalira. Mlambe ndi kutali, koma Chiuli amayenda pansi, ndipo wolondolera woyenda pansi amapuma mmene afunira. Kungoimba basi, nthambi ikhala yawo mpaka imfa, nkhanga zija zidzameza mawu awo. Adatsegula mlomo, nyimbo idafika pakhosi.

Idakakamira pomwepo. Adakumbukira njuchi za dzulo zija panthambi youma. Namulondola wa dziko lopanda njuchi adzamufunsa chiyani? Akaimba iwo, mlambe watha. Akakhala chete, mnyamata aimba, mlambe wathanso. Njira ziwiri zonse zimathera pamtengo umodzi, choncho a Nsadzu adalambula yachitatu.

Adatsika panthambi, adatera pafumbi pamaso pa mfumu, nawomba mapiko.

"Mfumu, ndagonja. Mwanayu wandiposa. Nthambi ndi yake."

Mawuwo adatuluka movuta, ndipo atatuluka a Nsadzu adamva ngati awazula nthenga yamoyo.

"Mwalankhula ngati mkulu," idatero mfumu. "Tsono Kaliwiro, imba tinyamuke, mimba yayamba kale kundifunsa."

"Pepani mfumu, lero ayi," adatero a Nsadzu. "Kodi mwaiwala mwambo?"

"Mwambo uti?"

"Tsiku lolowa namulondola watsopano njuchi safula. Amayamba wabindikira masiku atatu ndi malume ake, kulangidwa. Akaimba asanalangidwe, mphuno ya mfumu imatupa osaphwanso."

Mfumu idagwira mphuno yake.

"A Nungu, mwambo umenewu ulipo?"

Tinene zoona, mwambowo udabadwa nthawi yomweyo, udali usanaume n'komwe. Koma adalipo ndani pamene a Nsadzu amalowa udindo? Mfumu idali kubere. A Nungu adali asanabadwe. Ukalamba womwe uja umene udawalanda mapiko udawasiyira chinthu chimodzi: za kale mboni adatsala okha. Ndipo a Nungu akadalola kudzizula minga yonse kusiyana n'kunena pagulu kuti sakudziwa.

"Ulipo, mfumu," adatero a Nungu atakhosomola. "Ngwakalekale. Ndimati ndikukumbutseni."

"Anduna akukumbukiranso," adapitiriza a Nsadzu, "kuti wotula udindo amakhala namkungwi wa uchi. Chigawo chomaliza cha nyimbo amaimba ndiye, wina ayi."

"Ndithu, ndi momwemo."

"Chisa choyamba n'cha namulondola, chachiwiri n'cha namkungwi."

"Chachiwiri, inde."

"Ndipo poti mapiko amakhala atatopa, paulendo amanyamulidwa ndi nduna yaikulu."

A Nungu adaphethira kawiri.

"Apo pokha mwaiwala, wawa. Amakwera pamsana pa mfumu. Ndimamva agogo anga akutero."

"Mwandikonza, anduna. Ukalamba," adatero a Nsadzu modzichepetsa, iwo amene sadalotepo zokhala paminga ya a Nungu.

Mfumu idadandaula za mimba yake, koma mwambo ndi mwambo, ndipo mphuno idali nayo imodzi yokha.

M'mawa mwake awiriwo adanyamuka kupita kobindikira. Adapuma kasanu ndi katatu, ndipo ulendo uno a Nsadzu sadanamizire nyengo.

"Ndatopa, tipume," amatero. Adadabwa kuona kuti mawu amenewa sapha munthu.

Atafika pamlambe adatera panthambi, njuchi zikulira mkati.

"Pita kumuwanga kuja tinafula tsiku loyamba, ukaone," adatero a Nsadzu.

Kaliwiro adapita, nabwera.

"Njuchi zilimo, malume. Zayamba kale kumanga."

"Tsono pita kumphako yako ya tsiku lachiwiri."

Uko adachedwako. Pobwera adatera mwakachetechete.

"Muli nyerere zokhazokha."

"Adzaidzaze ndani?"

Kaliwiro adayang'ana mlambewo nthawi yaitali. Sadali wopusa, adali wofulumira chabe.

"Ndiye chigawo chomaliza chija si kutopa," adatero.

"Masiku ano kutopa kulimo pang'ono. Koma ndidachipeka ndili ndi mapiko oposa ako."

"Safunsa adadya phula. Koma malume, bwanji simunandiuze kale? Ndikadawononga dziko dzulo lija."

A Nsadzu adakanda m'khosi mmene mudali makala muja.

"Ndimaopa, mwana wa mlongo wanga. Mapiko unandiposa, maso unandiposa, mawu unandiposa. Ndimati ndikakupatsanso ichi, ine nditsala ndi chiyani? Apo ndinalakwa ndine."

Masiku atatuwo adamuuza zonse, osasiyako kanthu: mphako yofula chaka chino ndi yodumpha, mwezi umene njuchi zimalusa, mmene ungazungulitsire mfumu kuti isadutse njira ya kumlambe. Kaliwiro amafunsa, iwo n'kumayankha, ndipo funso lililonse limabala ena awiri. A Nsadzu amayesa kuti akakhuthula zonse atsala opanda kanthu, koma adapeza kuti sadafunsidwepo chotere moyo wawo wonse.

Atatuluka, Kaliwiro adakwera panthambi ya namulondola, adaimba, nalondolera gulu ku kamphako kena kapafupi. A Nsadzu adali pamsana pa mfumu, atagwira ubweya, akuona dziko likuyenda lokha.

"Kodi ndi kano kamakunjenjemeretsa tsiku lija?" mfumu idamufunsa Kaliwiro itasuzumira m'mphakomo.

"Ana sachedwa kusangalala, mfumu," adayankha a Nsadzu ali kumsanako.

Uchi utayamba kutuluka, Kaliwiro adaleka, mawu okalamba aja n'kulandira nyimbo. Adali onjenjemera, koma adayenda pang'onopang'ono monga mwakale, kukumbutsa za mimba ndi mawa lake. Mfumu idapukuta pakamwa.

A Nsadzu adasamukira kanthambi kam'munsi, kamthunzi. Masiku oyamba khosi limawatembenukira lokha kuyang'ana m'mwamba, ndipo mtima umawawa pang'ono, sitingakane. Koma adaona kuti nthambi yam'munsi ili ndi ubwino wake: wodutsa safunika kukweza mutu, ndiye amaima nthawi yaitali. Ena amafunsa za njuchi, ena za maukwati, ena za malire a minda. A Nungu ndiwo amabwera kawirikawiri, poti munthu amene wayamba kukumbukira miyambo yosaidziwa amafuna womuthandiza. Ndipo Kaliwiro, asanalankhule kwa mfumu, amatera pambali pawo n'kupereka moni wautali, wonena njira yonse.

Zidapita zaka. Mphako sizidaume, ndipo mphuno ya mfumu sidatupenso, zimene aliyense amati ndi umboni wa mwambo uja.

Tsiku lina Kaliwiro adatera pambali pa malume ake n'kukhala nthawi yaitali asanapeze mpweya. Pomwepo china chake chidadutsa pamwamba pawo, iwo n'kungomva mphepo. Adali mwana wa mlongo wake wa Kaliwiro, amene adangophunzira kuuluka chaka chomwecho. Kaliwiro adamutsatira ndi maso mpaka adazimiririka.

"Malume," adatero motsitsa mawu, "mwambo uja udalikodi?"

"Lero kulibe?"

"Ulipo."

"Ndiye ukufunsa chiyani?"

A Nsadzu adasendera pafupi. Maso adali atafooka, koma zapafupi amaonabe. Adatola ndi mlomo kanthenga koyera m'khosi mwa muphwa wawo, adakayang'ana, nakabwezera pamalo pake.

"Uusunge bwino mwambowo, udzaufuna," adatero. "Koma makala usavutike nawo. Amachucha."

Yanga yathera pamenepa. Amene munakwirira mbatata paphulusa kaiphuleni, isanapserere.